A Basílio ndi Munthu Amene Anawagwetsera Ndowa

Tsiku loyamba kukumana ndi a Basílio sindinaone nkhope yawo. Ndinangomva mawu ochokera pansi pa nthaka akundikalipira. Chinali chaka chimene tinabwerera kwathu ku Majaua kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Tinapeza midzi itasanduka tchire, zitsime zakale zitagumukira mkati, zina zikununkha moti ngakhale mbuzi inkazilambalala. Ine ndinkadutsa ndi nsungwi paphewa, ndipo nditaona anthu atazungulira dzenje ndinasendera kuti ndisuzumire. Phazi langa linakankha timiyala, ndipo timiyalato tinagwera mkati.

"Ndani ameneyo akundithira mchere ngati ndine ndiwo?" anatero mawu aja. "Ngati uli ndi maso ofuna kuona, manjanso uli nawo. Tula katunduyo ugwire chingwe!"

Ndinatula nsungwi zija. Chingwe chimenecho ndinachigwira zaka makumi awiri ndi zitatu.

Atatuluka m'dzenjemo ndinaona munthu wamfupi, wa chifuwa chotambalala, thupi lonse lili mbuu ndi katondo, mano okha akuyera. Ntchito yokumba zitsime anaiphunzira kwa amalume awo akali mnyamata. Dothi ankalinyambita ndi lilime n'kunena kuti madzi ali pafupi kapena ali kutali, ndipo kawirikawiri sankaphonya. Gulu lathu ankalitcha birigada. Tinalipo asanu: iwowo, ine Wilson, a Mayeso amene ankaumba mphete za simenti zotchingira makoma a chitsime, ndi amuna awiri apachibale ochokera ku Mongue.

Birigada ya a Basílio inali ndi malamulo ake, ndipo sanalembedwe pena paliponse. Aliyense ankalowa pansi, ngakhale iwo eni ake, chifukwa ankati munthu amene sanaonepo thambo litachepa ngati mbale sangagwire chingwe ndi mtima wonse. Madzulo tikamasamba matope, aliyense anali ndi ufulu wonena chimene chamunyansa tsikulo, ngakhale wolakwayo atakhala mtsogoleri. Ine ndinawauzapo kangapo kuti amakalipa kwambiri, iwo n'kuyankha kuti, "Ndamva. Mawa ndikalipa pang'ono." Mawa lake ankakalipa chimodzimodzi.

Koma lamulo lalikulu linali la chingwe. Pamwamba pa dzenje tinkazika mphanda ziwiri, n'kupingasa mtanda wokhala ndi gudumu. Chingwe chokokera ndowa ya dothi chinkagwiridwa ndi anthu awiri. Wakutsogolo ankakoka, maso ali kudzenje. Wakumbuyo ankakhala pansi pafupi ndi chikhomo chozikidwa mwamphamvu, akukulunga mchira wa chingwe pachikhomocho. Motero wakutsogolo akafuna kupumitsa manja kapena kusintha kagwiridwe, ankangotayirira pang'ono, chikhomo n'kunyamula ndowayo. Anthu awiriwa ankasankhidwa ndi munthu amene akulowa pansi. Ankawatchula mayina mokweza, iwo n'kuvomera kuti, "Ndili pano." Ndowa ikakhala m'malere, panalibe woyankhula.

"Wakumbuyo amaoneka mlesi," ankatero a Basílio. "Tsiku lonse wangokhala, kukulunga, kumasula. Ntchito yake imaoneka tsiku limodzi pa zaka khumi. Vuto ndi loti tsikulo silitumiza uthenga kuti likubwera."

Fabião anatipeza m'chaka cha 2003. Anali Mlomwe wa ku Molumbo amene anadzakwatira m'mudzi woyandikana ndi wathu, mkamwini wopanda m'bale ngakhale mmodzi kuno. Anali wamtali, wamanzere, wa pakamwa posatseka. Chinyanja chake chinkatuluka chosakanikirana ndi Chilomwe ndi Chipwitikizi, ndipo tikamuseka ankati, "Epa, ine ndikuyankhula zinenero zitatu nthawi imodzi, inu chimodzi chomwecho chikukutulutsani thukuta." Koma akangomva kuti ndowa ikwere, ankakhala duu mpaka ndowayo itatera. A Basílio anayamba kumutchula kawirikawiri kuti akhale kutsogolo, ine kumbuyo.

M'chaka cha 2007 bungwe lina loona za madzi linatipatsa ntchito yokumba zitsime zisanu ndi chimodzi mvula isanagwe. Linatitumizira kapitawo wake, a Dionísio, munthu wophunzira wochokera kutauni. Sanali woipa mtima ayi. Akuluakulu ake ankamupanikiza ndi masiku, iyenso n'kumatipanikiza ife. Zitsime zitatu tinamaliza bwinobwino. Chachinayi tinali titafika pa dongo lonyowa, lolemera ngati mwala, kuya kwake kuposa anthu asanu ndi awiri ataimirirana pamapewa.

Tsikulo dzuwa linali paliwombo. A Basílio anali pansi, Fabião kutsogolo, ine pachikhomo. Galimoto ya simenti inaima kumsewu, woyendetsa akuliza hutala chifukwa ankafuna kubwerera ku Milange. A Dionísio anafika pambali panga n'kuwerama.

"Amuna awiri chingwe chimodzi?" anandinong'oneza. "A Wilson, mwangokhala apa. Pitani mukathandize kutsitsa matumba."

Ndinadzuka. Palibe anandikoka dzanja. Munthu wovala nsapato zoyera anayankhula, ine miyendo n'kumvera. Ndowa inali itayamba kukwera, ndipo poti ndowa ikakhala m'malere sitiyankhula, ndinachoka mwakachetechete. Mchira wa chingwe ndinausiya uli lende pachikhomo. Fabião, maso ali kudzenje, sanadziwe kuti kumbuyo kwake kulibe munthu.

Ndowa itafika pakati, anachita chimene ankachita tsiku lililonse: anatayirira kuti asinthe manja. Chingwe chonyowa chija chinathamanga. Ndili kumsewu ndinamva gudumu likulira mwachilendo, kenako chiphokoso chapansipansi, kenako mfuu ya amayi amene ankaonerera.

A Basílio tinawatulutsa atakomoka, phewa lakumanja litaphwanyika. Galimoto ya simenti yomweyo inawatengera kuchipatala ku Milange. Fumbi lake lisanathe, a Dionísio anafunsa kuti, "Anali pachingwe ndani?" Anthu onse anayang'ana Fabião. Iye anali atakhala pamulu wa dothi, manja atawakulunga m'malaya ake. A Dionísio anamuuza kuti asadzapondenso pantchitopo. Ine ndinali pomwepo, simenti ili mbuu m'mutu, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Nkhani inayenda m'midzi mofulumira kuposa njinga. Ena ankati Fabião ankasirira utsogoleri. Ena ankati anthu a ku Molumbo ndi otero. Abale a mkazi wake anayamba kukambirana zomubweza kwawo. A Carlota, akazi a a Basílio, ananena pachigayo anthu onse akumva kuti munthu ameneyo akadzaponda pakhomo pawo adzamuthira madzi otentha. Fabião sanadziteteze. Mkamwini angatsutsane bwanji ndi kapitawo komanso mkulu wa m'mudzi ngati ine? Ndiponso iye mwini ankakhulupirira kuti manja amene anataya chingwe ndi ake basi.

Patapita masabata asanu a Basílio anabwerako, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, ataonda mpaka makutu kuoneka aakulu. Asanagone n'komwe kunyumba kwawo kawiri, anatiitanitsa tonse pachitsime chosamalizika chija. Anatumanso uthenga kwa Fabião ndi kwa a Dionísio.

"Iwe Fabião, bwera kuno," anatero. "Tambasula manja."

Fabião anatambasula. Zikhatho zonse ziwiri zinali ndi mizere yofiira yonyezimira, khungu latsopano likungoyamba kumera pamene chingwe chinadya mnofu.

"Taonani nonse," anatero a Basílio. "Munthu wotaya chingwe dala manja ake amakhala osalala. Uyu anachigwira chikuthamanga, chikumusenda. Ndowa ija ikanabwera ndi liwiro lake lonse, bwenzi lero mukulima pamanda panga. Tsono ine ndinatchula mayina awiri tsiku lija, ndipo ndinamva anthu awiri akuvomera. Chikhomo chinali kuti?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi anga.

"A Wilson, achimwene, ndikufunsa inu. Madzulo aliwonse timanena zotinyansa. Lero ndi madzulo anga."

"Ndinachoka," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana. "Ndinapita kukatsitsa simenti. Sindinamuuze."

Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anangogwedeza mutu n'kutembenukira kwa a Dionísio.

"A kapitawo, munachotsa munthu wolakwika. Ngati mukufuna wochotsa, tilipo atatu: a Wilson amene anadzuka, inu amene munawadzutsa, ndi ine amene sindinakukhazikeni pansi tsiku loyamba kuti ndikuuzeni ntchito ya chikhomo. Fabião abwerera mawa."

A Dionísio anapukuta thukuta. "Bambo Basílio, nkhaniyi ndinaitumiza kale kwa akuluakulu. Dzina linapita. Sangalole kuti munthu amene anachititsa ngozi abwerere. Ndikupezerani wina wamphamvu, mawa lomwe."

"Wamphamvu ndi ng'ombe. Ine ndikufuna munthu amene ndikudziwa kapumidwe kake."

"Mukakana, ntchito yotsalayi ipita kwa anthu ena."

"Ipite. Dzenje ndi lanu, simenti ndi yanu. Koma amene amakhala pansi ndowa ili pamutu pake ndine. Simungandisankhire wondigwirira chingwe, monga mmene simunandisankhire mkazi."

Ntchito inapitadi kwa ena. Amuna awiri a ku Mongue aja anatolera makasu awo n'kukalowa gulu latsopanolo, ndipo sindiwadzudzula, anali ndi ana. Dzinja la chaka chimenecho linatiwawa. Ine ndi a Mayeso tinkapalira minda ya eni kuti tipeze chakudya. A Carlota anakhala mwezi wathunthu osayankhulana ndi amuna awo. Tsiku lina ndikudutsa ndinawamva akuwakalipira kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo a Euclides, mwataya ntchito chifukwa cha mlendo amene anakuthyolani phewa! Ana anu adya ulemu wa Fabião?"

"Mayi a Euclides, ndikamutaya uyu lero, mawa aliyense wogwira chingwe changa azidzaganiza za khosi lake, osati za mutu wanga. Birigada yotero ine sindilowa nayo pansi."

Gulu latsopano lija linakumba zitsime ziwiri zotsala, koma chachinayi chija linachikana. Linkati dzenje limene linalawa magazi sililowedwa. Anthu a m'mudzimo anapitiriza kutunga madzi kudambo, limodzi ndi nkhumba. Chilimwe chitafika anabwera kudzapempha a Basílio kuti amalize, ndipo anavomera.

Apa ndi pamene panabuka vuto limene sitinaliyembekezere. Fabião anabwera, anataya dothi, anasakaniza simenti, koma chingwe sankachiyandikira. Nthabwala zake zinali zitauma. Mmawa wa tsiku lolowa pansi, a Basílio anavula malaya, anakhala pathabwa lotsikira limene tinkamangirira kuchingwe, miyendo ili lende pakamwa pa dzenje. Mkono wakumanja sunkakwera kupitirira phewa.

"Kutsogolo Fabião," anatero mokweza. "Kumbuyo a Wilson."

"Ndili pano," ndinatero, nditakhala kale pachikhomo.

Fabião, amene ankawatchula a Basílio kuti chefe, kutanthauza bwana, anaima patali, fosholo ili m'manja. "Chefe, tchulani a Mayeso."

"Ndatchula kale."

"Manja angawa akunjenjemera. Taonani. Ine sindingathe, chefe, ndikupemphani."

"Anjenjemere ali pachingwe. Ine pano sindichoka, ndipo wina sinditchula."

Anakhaladi. Dzuwa linakwera, mthunzi wa mphanda unafupika. Amayi amene anabwera kudzaonerera anapita kukaphika n'kubwerera, anawapeza ali pomwepo, thukuta likuyenderera pamsana. A Mayeso anayesa kuwanyengerera kuti mwina mawa, iwo anangoti, "Mawa ndidzakhalanso pompano." Kenako anayamba kumunyogodola Fabião.

"Iwe wa zinenero zitatu, mawu awiri okha akukukanika? Matako anga afa dzanzi pathabwa pano. Unandithyola phewa, tsopano ukufuna undiphe ndi dzuwa?"

Anthu anaseka. Fabião sanaseke. Anaika fosholo pansi, anapukuta manja m'buluku, anayenda pang'onopang'ono mpaka pachingwe. Asanachigwire anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakweza mchira wa chingwe kuti aone kuti ndaukulunga katatu.

"Ndili pano," anatero.

Chitsime chimenecho tinachimaliza m'masabata atatu, ndipo mpaka lero sichiphwa. Kuyambira pamenepo Fabião ankacheuka kumbuyo nthawi zonse asanakoke, ndipo a Basílio anachisandutsa lamulo la aliyense. Tinakumba zitsime zina zambiri, ku Majaua, ku Mongue, mpaka kwawo kwa Fabião ku Molumbo, kumene abale ake anatiphera mbuzi. Ine mawondo atandikana ndinasiya. A Basílio maso atayamba kuchita nkhungu anapereka birigada m'manja mwa Fabião, ngakhale kuti ena ankayembekezera kuti aipereka kwa mwana wawo Euclides.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanagonje: a Carlota. Madzi otentha sanamuthire, koma moni sanamupatsenso. Choonadi anachimva, ine ndemwe ndinapita kukawauza ndi pakamwa panga, ndipo ine anandikhululukira chaka chomwecho. Koma ankati manja amene anali pachingwe ndi a Fabião, ndipo phewa limene iwo ankalithowa ndi madzi ofunda nyengo yozizira iliyonse silinkadziwa za chikhomo. Fabião akabwera kudzacheza, mpando ankadzitengera yekha, madzi akumwa ankakatunga yekha. Zinakhala choncho zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Chaka chimodzi a Basílio asanamwalire, kunagwa mvula yoopsa imene inakokolola milatho yambiri kuno. Iwo anadwala chifuwa, kupuma kukuvuta, ndipo panafunika kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha tsidya lina la mtsinje. Ulalo unali utapita. Njinga yamoto inkadikira kutsidyako, koma pamtsinjepo panafunika kuwabereka kumsana, madzi ofika m'chiuno, othamanga, ofiira ndi dothi. Ndinawaperekeza mpaka pagombe ndi ndodo yanga. Euclides, bambo wamphamvu wa ana anayi, anawerama kuti awabereke.

"Dzuka," anatero a Basílio, akukhala pamwala. "Kaitaneni Fabião."

"Bambo, ine ndilipo. A Fabião ndi munthu wa imvi tsopano."

"Iwe ndiwe wamphamvu, koma umafulumira. Ukaterereka umayamba wadzipulumutsa. Kaitaneni Fabião."

"Mufera pamwala pano chifukwa cha makani!" anatero a Carlota. "Munthu amene anakuthyolani phewa?"

"Anandisiyira mutu," anayankha, n'kutsokomola mpaka misozi.

Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Fabião anafika akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, kuchokera kumene ankagwira ntchito. Anavula nsapato, anagwada, a Basílio n'kumukolowekera mkono wamanzere m'khosi, wakumanja uja uli lende. Analowa m'madzi, akufufuza miyala ndi phazi asanaponde.

Atayenda mapazi asanu okha, a Carlota anakwinya chitenje chawo, n'kulowa m'madzimo. Euclides anafuula kuti abwerere, iwo osamva. Anafika kumbuyo kwa Fabião n'kumugwira lamba wa buluku ndi manja onse awiri.

"Iwe Fabião," anatero.

Fabião anaima pakati pa mtsinje, madzi akumuwomba m'chiuno. "Mayi?"

"Usaime, chitsiru iwe, yenda! Ukamugwetsa uyu monga unagwetsera ndowa ija, tonse atatu tikatsikira limodzi kumtsinje wa Ruo, ndipo ndikakukalipira njira yonse."

"Epa, chefe," anatero Fabião, "mayi andilankhula."

"Ndamva," anatero a Basílio ali kumsana. "Yang'ana kutsogolo."

Ndinaima pagombe mpaka onse atatu anaponda mchenga wa kutsidya.